Tanaka Shozo ndi Mgodi wa Ashio

Lero m'dziko la Japan, mwini mgodi akaononga minda kapena madzi a anthu, lamulo limam'kakamiza kulipira ngakhale sanachite dala. Lamulo limeneli silinadze msanga, ndipo mbiri yake siingalongosoledwe popanda dzina la Bambo Tanaka Shozo.

A Tanaka anabadwa m'chaka cha 1841 m'mudzi wa Konaka, m'chigawo chimene lero chikutchedwa Tochigi, ndipo analowa unyakwawa wa atate awo akali mnyamata. Mu 1890 anasankhidwa kukhala phungu m'Nyumba ya Malamulo yoyamba ya dzikolo.

Kumapiri a chigawocho kunali mgodi wa mkuwa wa Ashio, umene Furukawa Ichibei anautenga mu 1877 naukuza kufikira unaposa migodi yonse ya mkuwa m'dzikomo. Boma linkauyang'ana ndi diso labwino pakuti mkuwa unkabweretsa ndalama zakunja. Koma utsi wa ng'anjo unaumitsa nkhalango, ndipo zonyansa zapoizoni zinkatsikira mumtsinje wa Watarase. Nsomba zinafa. Popeza mapiri anatsala opanda mitengo, madzi anasefukira mu 1890 ndi mu 1896, nasiya matope apoizoni m'minda ya mpunga.

Mu Disembala 1891 a Tanaka anaimirira m'Nyumba ya Malamulo napempha kuti mgodiwo uimitsidwe. Anakumbutsa nduna kuti malamulo aakulu a dziko amateteza chuma cha munthu aliyense, ndi kuti lamulo la migodi limalola Boma kulanda chilolezo cha mgodi wovutitsa anthu. Motero sanapemphe chachilendo, koma kuti Boma lisunge malamulo ake omwe.

Mu 1897 Boma linalamula kampani kumanga maiwe osefera madzi ndi zotchingira utsi, koma mavuto sanathe. Mu 1900 apolisi anamenya ndi kumanga alimi pa Kawamata ali paulendo wokadandaula ku Tokyo. Chaka chotsatira a Tanaka anatula pansi uphungu, ndipo pa 10 Disembala 1901 anathamangira ngolo ya Mfumu Yaikulu Meiji ndi chikalata cha madandaulo m'manja. Anagwidwa asanachipereke, koma nkhaniyo inamveka m'dziko lonse.

Tsono Boma linaganiza zosandutsa mudzi wa Yanaka thamanda losungira madzi osefukira. A Tanaka anasamukira komweko mu 1904, nakhala pamodzi ndi mabanja okana kuchoka, ngakhale pamene nyumba zawo zinagwetsedwa mu 1907. Anamwalira pa 4 Sepitembala 1913 ali wosauka. M'kathumba kawo munapezeka mabuku owerengeka ndi timiyala.

Anafa ngati wolephera, koma zimene ankanena zinaloŵa m'malamulo pang'onopang'ono. Mu 1939 lamulo la migodi linakonzedwa kuti mwini mgodi azilipira zoononga zake. Mu 1971 Boma linakhazikitsa nthambi yoona za chilengedwe, ndipo mu 1973, chaka chimene mgodi wa Ashio unatsekedwa, linapanga lamulo loletsa kuti migodi ya zitsulo iziipitsa madzi ngakhale itasiyidwa. Mu 1974 kampani ya Furukawa inavomera kulipira alimi mayeni 1.55 biliyoni.

Kufikira lero anthu akubzalabe mitengo m'mapiri a Ashio. Antchito a Boma amene amasainira zilolezo za migodi achita bwino kukumbukira kuti kumvera mlimi wodandaula pachiyambi n'kotsika mtengo kuposa kukonza mtsinje patapita zaka 80.