A Ousmane Sembène, Mwana wa Msodzi Amene Anasandutsa Mabuku Kukhala Mafilimu

Mukayenda pa Msika wa Lundazi cakumadzulo, malonda a nshawa ndi nyemba atayamba kuzilala, mudzapeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi kuonerera filimu. Ambiri a iwo sanawerengepo buku la nthano mpaka kumapeto, koma filimu angathe kukufotokozerani yonse osaphonya kanthu. Munthu wina wa ku Senegal anaona zimenezi pakati pa anthu akwao zaka zoposa 60 zapitazo, ndipo zinasintha nchito ya moyo wake. Munthuyo ndi a Ousmane Sembène, amene ambiri amawacha tate wa mafilimu a mu Africa.

A Sembène anabadwa m'caka ca 1923 ku Ziguinchor, kumwera kwa Senegal. Atate ao anali msodzi. Sukulu sanapite nayo patali cifukwa anacotsedwa atayambana ndi mphunzitsi wamkulu. Ku Dakar anagwira nchito ya umakanika ndi yomanga nyumba. Mu 1944 anatengedwa usilikali wa dziko la France, limene linali kulamulira Senegal pa nthawiyo. Nkhondo itatha anakwera combo mobisala napita ku France, kumene anakhala zaka pafupifupi khumi akunyamula katundu pa doko la Marseille. Kumeneko analowa m'bungwe la anchito ndipo anayamba kuwerenga mabuku mwakhama, mpaka naonso anayamba kulemba.

Buku lao loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956. Mu 1960 anatulutsa Les Bouts de bois de Dieu, lokamba za anchito a njanji ya Dakar-Niger amene ananyanyala nchito mu 1947 ndi 1948. Dzina lao linachuka. Koma atabwerera kwao mtima unawawawa. Mabukuwo anali m'Cifalansa, ndipo asodzi, alimi ndi amai a pamsika amene anawalemba m'mabukumo sanali kutha kuwawerenga. Zinali ngati kuphika nsima yambiri n'kuitsekera m'nyumba, eni ake cimanga ali panja.

Conco, ali ndi zaka pafupifupi 40, anapita ku Moscow kukaphunzira kupanga mafilimu pa Gorky Studio. Mu 1963 anatulutsa filimu yaifupi yochedwa Borom Sarret, yonena za munthu wosauka woyendetsa ngolo ya kavalo mu Dakar.

Kusandutsa buku kukhala filimu si kungoliwerenga pamaso pa kamera ai. Wolemba amaduladula nkhani m'zigawo, ndipo pa cigawo ciliconse amalemba malo, kaya ndi usana kapena usiku, amene alipo, cimene akucita ndi cimene akunena. Kawirikawiri tsamba limodzi limapereka mphindi imodzi ya filimu, motero zambiri za m'buku zimatsala. Cobvuta koposa ndi maganizo. Buku lingathe kulowa mumtima wa munthu, koma kamera imangoona zakunja.

A Sembène anaonetsa luso limeneli mu 1966 ndi filimu ya La Noire de..., yocokera m'nthano yao yaifupi. Ndi nkhani ya Diouana, mtsikana amene azungu anamutenga kukagwira nchito ya m'nyumba ku France, ndipo anazunzika mpaka anadzipha. M'buku nthanoyo imayamba apolisi atapeza kale mtembo. M'filimu timamuona akufika ali wamoyo ndi wokondwa, ndipo timamva mau a mumtima mwake pamene pakamwa pali pa cete. Anaonjezeranso cigoba ca kumaso cosema, cimene Diouana anapatsa mabwana ake ngati mphatso. Pothera pake bwana abweza cigobaco ku Dakar, ndipo kamnyamata kacibvala kumaso n'kumamutsata pambuyo. Palibe wonena kanthu, koma aliyense amamva mlandu umene ukutsata mzunguyo.

Mu 1968 anatenga buku lao la Le Mandat napanga filimu ya Mandabi m'Ciwolofu, cinenero ca anthu ambiri a ku Senegal. Nkhani yake mlimi aliyense angaimve. Ibrahima Dieng, bambo wa akazi awiri wosowa nchito, alandira kalata ya ndalama zokwana mafranc 25,000 kucokera kwa muphwa wake wosesa miseu ku Paris. Ku positi ofesi amuuza kuti abwere ndi reji. Kuti apeze reji afunika cikalata ca kubadwa ndi zithunzi. Uku akuzungulira maofesi, anansi amva za ndalamazo nayamba kupempha, ngongole zikula, ndipo pothera pake wacibale wophunzira amudyera zonse. Amene anayendapo mtunda wautali kukafuna feteleza n'kubwezedwa cifukwa ca pepala limodzi adziwa ululu wake. Filimuyi inalandira mphotho ku Venice caka comweco.

Buku la Xala linatuluka mu 1973 ndipo filimu yake mu 1975. Likamba za munthu wamalonda wolemera amene akwatira mkazi wacitatu, kenaka apeza kuti wamangidwa, mphamvu za m'nyumba zatha. Pofuna kuonetsa kunyada kwa atsogoleri atsopano, a Sembène sanacurutse mau. Anangoonetsa zikwama zodzala ndalama zikugawidwa pamsonkhano, ndi galimoto ikutsukidwa ndi madzi a m'botolo ocokera ku France. Boma linadula zigawo zina za filimuyi.

Alimi ndi akumpingo sanawaiwale. Emitai, ya mu 1971, ikamba za amai a m'mudzi amene anabisa mpunga kuti asilikali a atsamunda asaulande. Guelwaar, ya mu 1992, ikamba za Mkatolika amene mtembo wake unaikidwa molakwika ku manda a Asilamu, ndipo idzudzula cizolowezi codalira cakudya ca thandizo. Nkhani imeneyi inayenda cobwerera, pakuti filimu ndiyo inayamba, buku linadza pambuyo. Iwo anali kuona filimu ngati sukulu ya madzulo, ndipo anali kuyenda m'midzi kuonetsa nchito zao ndi kukambirana ndi anthu. Filimu yao yothera, Moolaadé, yotsutsa mdulidwe wa atsikana, inatuluka mu 2004 ali ndi zaka 81. Anamwalira ku Dakar pa 9 June 2007.

Kuno kwathu akuluakulu akumbukira malemu a Julius Chongo ndi pulogalamu yao ya Poceza m'Madzulo, imene inafikitsa nthano za Cinyanja pa wailesi kwa anthu osadziwa kuwerenga. Tsidya la malire, ku Kasungu, buku la a William Kamkwamba la mu 2009, lonena za njala ndi makina a mphepo opanga magetsi, linasanduka filimu mu 2019. Anailemba ndi a Chiwetel Ejiofor, ndipo mbali yaikulu anthu amalankhula Cicewa.

Nkhani tili nazo, abale: za mitengo ya thonje, za milandu ya minda, za amasiye olandidwa katundu. Magulu a acinyamata m'mipingo amacita kale masewero pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndipo foni zojambula zili m'matumba. Cotsala ndi kukhala pansi, kusankha nkhani imodzi, kuilemba cigawo ndi cigawo, ndi kuilankhula m'Cicewa kapena m'Citumbuka, kuti agogo ogulitsa nshawa pamsika naonso aimve.