YOHANE WA MULUNGU WOYERA, AMENE ANAMANGIDWA MONGA WAMISALA

Pa 8 March caka ndi caka Eklezia Woyera akumbukira Yohane wa Mulungu, nkhoswe ya odwala ndi ya zipatala. Pa zithunzi zace amaoneka atanyamula wodwala, ndipo ambiri ayesa kuti anali sing'anga wophunzira kwambiri. Sanali sing'anga, sanalinso wansembe. Anali mbusa wa nkhosa, msilikari, ndi wogulitsa mabuku. Ndipo asanatsegule nyumba yace ya odwala, iye mwini anagona m'nyumba ya amisala, ali womangidwa manja ndi miyendo. Mbiri yace iyenera kumveka pa Likoma ndi pa Chizumulu, kumene banja lokhala ndi munthu wodwala misala limathedwa nzeru msanga, pakuti pakati pa iwo ndi cipatala ca matenda otere pali nyanja.

Yohane anabadwa m'caka ca 1495 ku Montemor-o-Novo, m'dziko la Portugal, kwao kwa Apwitikizi aja amene anadzalamulira tsidya lija la Mozambique limene anthu a pa Likoma amaliona m'mawa uli wonse. Dzina lace la kwao linali João Cidade. Ali ndi zaka 8 anasowa pakhomo, natsata mlendo wina kufikira ku Spain. Mai wace anamwalira posacedwa ndi cisoni, ndipo bambo wace analowa m'cipani ca Fransisko Woyera. Mwanayo anakaleredwa ku Oropesa, nakula alikuweta nkhosa za eni.

Atakula analowa usilikari. M'caka ca 1523, pa nkhondo ya ku Fuenterrabía, anampatsa udindo wolonda cuma colanda kwa adani. Cumaco cinabedwa, ndipo anatsala pang'ono kupacikidwa, koma mkulu wina wa asilikari anamcitira cifundo. M'caka ca 1532 anapitanso ku nkhondo, kukachinjiriza mzinda wa Vienna kwa asilikari a dziko la Turkey. Pobwerera kwao ku Portugal anapeza kuti makolo ace onse awiri anatha kale, ndipo anamva za cisoni cimene cinapha mai wace. Mtima wace sunakhazikikenso. Anaoloka nyanja kunka ku Ceuta, kumpoto kwa Afrika, kumene anasenza miyala yomangira linga kuti adyetse banja la Mpwitikizi wina wopitikitsidwa kwao. Pambuyo pace anayamba kuyenda m'midzi ndi mtolo wa mabuku ndi zithunzi za Oyera, mpaka anafika ku Granada, kumwera kwa Spain, natsegula kasitolo pafupi ndi cipata ca Elvira. Apo n'kuti atapitirira zaka 40, alibe mkazi, alibe mwana, alibe mudzi.

Tsiku la Sebastiano Woyera, pa 20 January, kunadza ku Granada mlaliki womveka, Bambo Juan de Ávila. Yohane anapita kukamva ulaliki monga anthu ena onse, koma anaturuka ali wosandulika. Anathamanga m'miseu alikupfuula ndi kupempha cifundo ca Mulungu. Anazula tsitsi lace, nagubuduzika m'matope, nang'amba mabuku ena a m'sitolo yace, ena nagawira anthu kwaulere, pamodzi ndi zobvala zace zomwe. Ana anamtsata pambuyo alikumponya miyala ndi kumkuwiza. Patapita masiku owerengeka anthu ena anamgwira, napita naye ku Hospital Real, cipatala ca mfumu, kumene kunali mbali yosungirako amisala.

Olemba mbiri sagwirizana pa za masiku amenewa. Francisco de Castro, wansembe amene analemba moyo wace woyamba, wosindikizidwa m'caka ca 1585, anaganiza kuti Yohane analola dala kuyesedwa wamisala kuti alape macimo ace ndi manyazi. Ena a masiku ano, poona zisoni zonse zimene anazisenza kuyambira ubwana, akhulupirira kuti mutu wace unasokonezeka ndithu. Eklezia sacita manyazi ndi maganizo awiri onsewa, pakuti nthenda ya maganizo si chimo, ndipo siitsekera munthu khomo la kuyera mtima. Koma ngakhale kunali kulapa ngakhale kunali kudwala, mkwapulo umene unagwa pa msana pace unali umodzimodzi ndi umene unagwa pa misana ya anzace.

Pakuti mankhwala a misala m'zipatala za nthawi imeneyo anali awa: kumbvula munthu, kummanga ndi zingwe kapena maunyolo, ndi kumkwapula, poganiza kuti ululu udzabweza nzeru zace. Osamalira sanadziyese ankhanza. Anali kucita cimene anaphunzitsidwa. Yohane anapirira zace, koma za anzace sanathe kupirira. Anadzudzula osamalirawo poyera cifukwa ca kuzunza anthu osauka amene cuma ca mfumu cinaperekedwa kuti asamalidwe naco, ndipo iwo pomva cidzudzuloco anamuonjezera zikoti. M'cipinda momwemo, pakumva kulira kwa omangidwa, anapempha Mulungu kuti tsiku lina ampatse nyumba yaceyace, momwe akasonkhanitse amisala ndi otayika nawatumikire monga mtima wace unafunira.

Wina asaseke anthu a ku Spain cifukwa ca zimenezi, ngati kuti dziko lino linali lanzeru kuposa iwo. Ku Nyasaland malo oyamba osungirako amisala, amene boma la Angerezi linatsegula ku Zomba m'caka ca 1910, anali mbali ya ndende, ndipo oyang'anira anali alonda a akaidi. Cipatala ceniceni ca Zomba Mental Hospital cinadzatsegulidwa m'caka ca 1953. M'midzi namo, munthu akayamba kulankhula yekha kapena kuyenda usiku, anthu amathamangira kufunsa kuti wamlodza ndani, kapena kuti anaphwanya cizimba canji. Wodwalayo amammangirira pa mtengo, ndipo nkhalamba ina yosacimwa imalozedwa cala. Pa Likoma dzina la Chipyela likumbutsa kumene mantha a ufiti amafikitsa anthu: pamalo pamenepo, pomwe amishoni a Anglican anayamba kumanga Cathedral ya Petro Woyera m'caka ca 1903, ndi pamene kale anali kutentherapo oganiziridwa ufiti.

Bambo Juan de Ávila sanaiwale munthu amene ulaliki wace unamgwetsa. Anamtumizira mau omlimbikitsa, namlangiza kuti cisoni cace acisandutse nchito yothandiza ena. Yohane anayamba kudekha. Anammasula, ndipo asanaturuke anayamba kusesa m'zipinda ndi kutaya zonyansa za odwala anzace. Ataturuka anayenda ulendo wa pansi kunka ku Guadalupe, ku kachisi wa Maria Virigo Woyera, kumene amonke anali ndi zipatala ndi sukulu yophunzitsa za mankhwala. Ici n'cofunika kucisunga: munthu amene anaona zoipa zimene umbuli umacitira odwala sanafune kuyamba nchito yace ndi mtima wabwino wokha, koma anayamba waona umo odziwa amagonekera, amadyetsera ndi kutsukira wodwala.

Anabwerera ku Granada komweko, kumene mwana ali yense anamdziwa monga wamisala uja. Kunali kosabvuta kupita ku mzinda wina kumene sanadziwike, koma sanatero. Anayamba kutola nkhuni ku phiri ndi kugulitsa, ndipo ndalama zace anadyetsa nazo ogona panja. Poyamba anawagoneka pa khonde la nyumba ya banja la Venegas. Pambuyo pace anabwereka nyumba pa mseu wa Lucena, ndipo itacepa anasamukira ku nyumba yaikulu pa citunda ca Gomérez. Wosatha kuyenda anambereka pa msana. M'zipatala zambiri za nthawi imeneyo odwala atatu kapena anai anagona pa kama mmodzi. Yohane anafuna kuti yense akhale ndi pogona pace, nawapatula monga mwa matenda ao. M'kalata ina imene analembera bwenzi lace anawerenga okhala m'nyumbamo kuti apitirira 110, nachula opunduka, akhate, osalankhula, ofa ziwalo, okalamba, ana, ndi amisala pakati pao.

Cuma analibe, ndipo apa m'pamene panaonekera nzeru yace yaikulu. Usiku uli wonse, odwala atagona, anaturuka ndi dengu pa msana ndi miphika iwiri yomanga ndi cingwe, nayenda m'miseu alikuitana anthu kuti apereke, ndi kuwakumbutsa kuti wothandiza wosauka adzicitira yekha zabwino. Wina anapereka mkate, wina nyama yotsala, wina bulangete, wina ndalama. Motero mzinda umene unamponya miyala unaphunzira pang'ono pang'ono kuti odwalawo ndi ao, si a Yohane yekha. Anthu a m'mbali mwa nyanja sasowa wowamasulira zimenezi, pakuti khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi, ndipo mai amene asamala mwana wodwala misala usana ndi usiku, popanda mnansi womlandirako ngakhale tsiku limodzi, amafika potopa. Cingwe cimene amamangira mwanayo kawirikawiri cimacokera m'kutopa kumeneko, osati m'udani.

Otsatira ace oyamba sanali anthu oyembekezeka. Antón Martín anadza ku Granada kudzafuna kuti Pedro Velasco, amene anapha mbale wace, aphedwe nayenso. Yohane anawayanjanitsa, ndipo onse awiri anakhala naye, natumikira odwala m'nyumba imodzi. Ambuye Episkopi wa ku Tui ndiye anampatsa mkanjo wapadera, popeza Yohane anali ndi cizolowezi cosinthana zobvala ndi wopemphapempha ali yense. Ndipo dzina lakuti Yohane wa Mulungu linakhazikika kuyambira pamenepo. Odandaula sanasowe. Ena anakamnenera kwa Arkiepiskopi Pedro Guerrero kuti asunga anthu aulesi ndi akazi a mbiri yoipa. Yohane anadziyesa yekha woipa wa m'nyumbamo, ndipo sanapitikitse munthu.

M'mwezi wa July 1549 moto unabuka pa Hospital Real. Anthu anaima patali alikupenya. Yohane analowa m'nyumba yomwe ija anamkwapuliramo, momwe anadziwa khomo liri lonse cifukwa anagonamo womangidwa, naturutsa odwala, ena powabereka, ena powatsogolera. Pambuyo pace anaponya makama ndi zofunda pa mazenera. Anaturuka wamoyo, nsidze zokha zitapsa.

Miyezi yocepa itapita, mtsinje wa Genil unasefukira, ndipo Yohane anapita ndi anzace kukatola nkhuni zotengedwa ndi madzi. Mnyamata wina anagwera m'madzimo. Yohane anadziponya kuti ampulumutse, koma sanakhoze, ndipo kuzizira kwa madziwo kunagwetsa thupi lace lotha kale mphamvu. Banja la Pisa linamtengera ku nyumba kwao, iye asakufuna kusiya odwala ace. Nkhawa yace yotsiriza inali ngongole, pakuti anali atalemba m'kabuku onse amene anawakongola cifukwa ca osauka. Arkiepiskopi Guerrero anatenga kabukuko nalonjeza kulipira. Anamwalira pa 8 March 1550, atagwada, mtanda uli m'manja, ali ndi zaka 55.

Iye sanalembe malamulo a cipani. Anzace anapitiriza nchito, ndipo Papa Pius V anabvomereza cipani cao m'caka ca 1572. Papa Alexander VIII anamlengeza Woyera m'caka ca 1690. Papa Leo XIII anamuika nkhoswe ya zipatala ndi odwala m'caka ca 1886, pamodzi ndi Camillus de Lellis, ndipo Papa Pius XI anamuikanso nkhoswe ya anamwino m'caka ca 1930. M'maiko ambiri Abale a cipani cace anadziwika makamaka ndi kusamala odwala misala.

Ku Malawi Abalewa anafika kucokera ku Ireland cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nakhazikika ku Mzuzu. Anamanga nyumba yogonekamo odwala kwambiri, yochedwa House of Hospitality, koma sanafune kuti nchito ithere m'zipupa. Anatumiza anamwino m'midzi kukaona odwala kwao ndi kuphunzitsa mabanja, mafumu ndi akulu a mipingo: kuti misala ndi nthenda yokhala ndi mankhwala; kuti mankhwalawo samasiyidwa tsiku limene wodwala wayamba kupeza bwino; kuti camba ndi kacasu zimadzutsa nthenda yogona; kuti khunyu sapatsirana pomgwira wakugwa; ndi kuti wocira ayenera kubwerera ku munda, ku nyanja ndi ku chalichi, osamchulanso dzina la nthenda yace. Anatsegulanso sukulu, St John of God College of Health Sciences, yophunzitsa anamwino, asing'anga ndi alangizi a matenda a maganizo, kuti odziwa nchitoyi apezeke m'zipatala za m'maboma.

Kwa munthu wa pa Likoma khomo loyamba ndi cipatala ca St Peter's, cimene ciri pa cilumba pomwepo. Nthenda ikakula, njira ndi ya pa madzi kufikira ku Nkhata Bay, njira imene sitima ya Ilala inayamba kuyenda m'caka ca 1951. Kucokera pa gombe la Nkhata Bay kukwera ku Mzuzu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50.