John Chilembwe ndi Kulemba Asilikali

M'tsinde mwa phiri la Michiru muli mudzi wa Chilomoni. Kumeneko John Chilembwe anakhala ali mnyamata, naphunzira kuwerenga pa sukulu ya Mishoni ya Blantyre. M'chaka cha 1892 analowa ntchito kwa Joseph Booth, mmishonale amene anamanga ku Mitsidi, pafupi pomwepo. Booth anamuka naye ku America mu 1897, ndipo atabwerako mu 1900 anayamba mishoni yake ku Mbombwe, m'dziko la Chiradzulu.

Masiku amenewo Boma linali kulemba anyamata usilikali ndi kuwatumiza kutali. Ena anakamenya nkhondo kwa Aashanti mu 1900, ena ku Somaliland, kumene ambiri anaphedwa mu 1903. Chilembwe anaona akazi amasiye ndi ana awo, ndipo mtima unamuwawa.

Tsono mu 1914 inabuka nkhondo yaikulu, imene makolo anaitcha ya Chiwaya. Asilikali a Keyala anakomana ndi Ajeremani ku Karonga mwezi wa September, nafa anthu akuda mbali zonse ziwiri. Pamene afa asilikali, Boma lifuna ena olowa m'malo mwawo. Ndiponso msilikali mmodzi afuna anthu angapo omsenzera chakudya ndi zipolopolo. Chifukwa chake olemba anthu sanaleke kuyenda m'midzi.

Mwezi wa November Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anafunsa chimene wosauka adzapindula pofera nkhondo ya eni ake, nati olemera ndi akulu ndiwo akamenyane. Boma linaletsa kalatayo. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira Azungu, napha atatu ku minda ya Bruce. Koma nkhondo yawo inatha msanga, ndipo iye anaomberedwa pa 3 February.

Chimene anachiopa chinadza atafa iye. Mafumu anauzidwa chiwerengero cha amuna oti apereke, ndipo wochepetsa anali pa mlandu. Pofika 1918 dziko la Nyasaland linali litapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatenga ochuluka sanafe ndi mfuti ayi, koma ndi njala, kamwazi ndi malungo. Ena anataya katundu panjira nathawa, ndipo m'midzi yambiri amuna anagona kuthengo pakumva kuti olemba afika.