Samuel Adams, Mwana wa Dooko la Boston

Boston ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ku America. Kale anthu ambiri a mumzindawo anali kudyera padooko: amalinyero, asodzi, amalonda, okhoma zombo ndi opota zingwe. Masiku amenewo Angelezi anali kulamulira maiko 13 m'mbali mwa nyanjayo, ndipo Boston ndiwo unali likulu la dziko lochedwa Massachusetts.

Samuel Adams anabadwira komweko m'caka ca 1722. Anaphunzira pa sukulu yaikuru ya Harvard, koma ndarama sizinali kukhalitsa m'manja mwace. Atate wace atampatsa ndarama zoyambira malonda, iye anakongoza theka kwa bwenzi lace, amene sanabweze, ndipo zotsalazo zinangomwazika. Atamsankha kukhala wokhometsa msonkho m'caka ca 1756, kawirikawiri anali kulekerera olephera kulipira. Luso lace linali pa kulemba ndi pa kusonkhanitsa anthu.

M'caka ca 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika msonkho watsopano pa anthu a ku America, ngakhale iwo analibe wowaimira m'nyumbayo. Adams anaphunzitsa anzace kuti cimeneci sicinali cilungamo. Poona kuti mzinda wawinduka, boma linatumiza asilikari m'caka ca 1768. Pa 5 March 1770 asilikariwo anaombera khamu la anthu, napha asanu. Mmodzi wa akufawo anali Crispus Attucks, mmalinyero amene makolo ace ena anacokera ku Africa. M'mawa mwace Adams anapita kwa bwanamkubwa Thomas Hutchinson, namuumiriza kufikira asilikari anawasamutsira pacisumbu.

M'caka ca 1773 zombo zitatu zinakoceza padooko zitasenza tiyi wa msonkho. Adams anatsogolera misonkhano yopempha kuti zombozo zibwerere ndi katundu wao, koma bwanamkubwa anakana. Usiku wa pa 16 December amuna odzizimbaitsa anakwera m'zombomo, naswa mabokosi 342, nakhuthulira tiyi yense m'madzi.

Cilango cinali cowawa. Pa 1 June 1774 boma linatseka dooko. Zombo zamalonda zinaleka kulowa, nchito inatha, ndipo njala inayandikira. Angelezi anayesa kuti maiko ena adzacita mantha, nasiya Boston wokha. Koma kuyambira m'caka ca 1772 Adams ndi anzace anali kutumiza makalata ku midzi ndi mizinda, kufotokoza madandaulo ao. Tsono amene anawerenga makalatawo anayankha ndi cakudya. Mpunga unacokera ku South Carolina, nkhosa zinacokera ku Connecticut. Cilango cofuna kugawanitsa maikowo ndico cinawamanga pamodzi.

Caka comweco atsogoleri a maikowo anasonkhana ku Philadelphia, ndipo Adams anasankhidwa kukaimira anthu a kwao. Pokhala iye anali wosauka, abwenzi ace anamgulira zobvala zatsopano za paulendo.

Nkhondo inabuka mu April 1775 ku Lexington, pafupi ndi Boston. Ankhondo a ku America anazinga mzindawo miyezi 11. George Washington, mtsogoleri wao, ataika mizinga pa zitunda zoyang'ana dooko, Angelezi anakwera zombo zao nacoka pa 17 March 1776. Caka comweco Adams analemba dzina lace pa kalata yolengeza ufulu wa America, ndipo m'caka ca 1783 Angelezi anabvomereza ufuluwo.

Atakalamba, Adams anakhala bwanamkubwa wa Massachusetts kufikira m'caka ca 1797. Anamwalira pa 2 October 1803, ndipo anamuika ku Boston, m'manda momwe munagona Crispus Attucks ndi anzace anai aja.

Mafunso
1. Cifukwa ninji anthu a ku America anakana msonkho?
2. Kodi makalata a Adams anathandiza bwanji Boston dooko litatsekedwa?