James Stevenson-Hamilton (1867–1957): Mlonda Woyamba wa Nkhalango ya Kruger

Mawu oyamba

Aphunzitsi, ngati sukulu yanu ili kufupi ndi nkhalango yotetezedwa kapena malo osungirako nyama zakutchire, mukudziwa kale kuti nkhani ya malo otere ndi yovuta kuphunzitsa. Buku limati nyama ndi chuma cha dziko. Koma mwana amene wakhala pabenchi yakutsogolo mwina chimanga cha kwawo chidatha ndi njovu, kapena agogo ake adasamutsidwa pamalo pomwe lero alendo akujambulapo mbalame. Nanga mwana ameneyu mumuuza chiyani?

M'gawo lino muwerenga mbiri ya James Stevenson-Hamilton, amene adayang'anira nkhalango ya Kruger ku South Africa kwa zaka 44. Mbiri yake ili ndi mbali yoyamikika komanso mbali yowawa, ndipo zonse ziwiri ndi zoona. Pomaliza gawoli muyenera kutha kufotokoza momwe nkhalangoyi idayambira, kutchula amene adapindula ndi amene adataya, komanso kukonza ulendo wa ophunzira anu wokaona nyama ndi mbalame.

Ubwana ndi usilikali

Stevenson-Hamilton adabadwa pa 2 Okotobala 1867 mumzinda wa Dublin ku Ireland, koma kwawo kwenikweni kudali ku Scotland komwe makolo ake adali ndi malo aakulu. Iye adaphunzira pasukulu ya Rugby, kenaka adapita kusukulu ya asilikali ya Sandhurst. Atamaliza adalowa gulu la asilikali oyenda pa akavalo, ndipo ntchito imeneyi ndiyo idamufikitsa ku Africa.

M'chaka cha 1898 adalowa nawo ulendo wa Major Gibbons wokafufuza dziko la Alozi, lomwe lero ndi chigawo chakumadzulo kwa Zambia. Adayenda miyezi yambiri m'zigwa za mtsinje wa Zambezi, nthawi zambiri ali mzungu yekha pakati pa eni dziko. Kumeneko adaphunzira kukhala m'tchire ndi kudalira anthu odziwa njira. Atachoka uko adakamenya nawo nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Mabunu, imene idatha mu 1902.

Dziko lopanda nyama

Kum'mawa kwa Transvaal, kumalire ndi Mozambique, kuli chigwa chotentha chomwe kale chidali ndi nyama zosawerengeka. Pofika m'ma 1890 nyamazo zidali zitatha ndithu. Alenje a mfuti adazipha pofuna minyanga, zikopa ndi nyama yofutsa yogulitsa. Mu 1896 mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest udapululanso njati, ngoma ndi nyama zina. Mu 1898 boma la Paul Kruger lidalengeza kuti dera la pakati pa mitsinje ya Crocodile ndi Sabie likhale lotetezedwa, koma chaka chotsatira nkhondo idabuka, ndipo asilikali anjala adamaliza zambiri mwa zomwe zidatsala.

Nkhondo itatha, boma latsopano la Angerezi lidasankha Stevenson-Hamilton kukhala woyang'anira malowa, omwe ankatchedwa Sabi Game Reserve. Adafika mu 1902 atabwerekedwa kuusilikali kwa zaka ziwiri zokha. Zimene adapeza zidali zomvetsa chisoni. Njovu kudalibe kapena zidali zowerengeka m'manja, zipembere zoyera zidali zitatheratu, ndipo nyama zina zinkathawa zikangomva fungo la munthu. Adamanga likulu lake pafupi ndi mlatho wa njanji pamtsinje wa Sabie, malo omwe ankangotchedwa Sabi Bridge. Mu 1903 adapatsidwanso dera lina kumpoto, la Singwitsi.

Lamulo lake loyamba lidali lakuti pasapezeke wosaka aliyense, kaya wakuda kaya mzungu, kaya wolemekezeka bwanji. Azungu ambiri adamuda nalo lamulo limeneli, poti ankaona ngati kusaka ndi ufulu wawo wobadwa nawo. Iye adalemba ntchito azungu ochepa oyang'anira zigawo, pamodzi ndi alonda achiafirika omwe ankatchedwa apolisi. Alonda amenewa ndiwo ankayenda pansi usana ndi usiku, kulondola mapazi a opha nyama mozemba, ndipo ena adafera pantchitoyo. Mabuku amakonda kusimba za Harry Wolhuter, mzungu amene adapha mkango ndi mpeni utamugwira paphewa n'kumamukoka. Mayina a alonda achiafirika aja sadalembedwe kwambiri. Inu pophunzitsa musawaiwale.

Dzina lakuti Skukuza

Anthu olankhula Chitsonga, amene ambiri timawadziwa kuti Ashangani, adamupatsa dzina lakuti Skukuza. Tanthauzo lake ndi munthu wosesa zonse, kapena wotembenuza zinthu chadodolido. Musaganize kuti lidali dzina lomutamanda. M'zaka zake zoyamba iye adasamutsa mabanja ambirimbiri omwe adali ndi midzi, minda, ziweto ndi manda a makolo awo m'deralo. Anthu amene adakhala ndi nyamazo kwa mibadwo yambiri adauzidwa kuti ndiwo mdani wa nyama.

Cha m'ma 1905 ndondomekoyi idasintha. Boma lidaona kuti likufuna antchito ndi ndalama, choncho lidalola mabanja ena kukhalabe m'nkhalangomo, koma azilipira msonkho wa malo kapena kugwira ntchito. Taganizani: munthu kulipira kuti akhale pamudzi pomwe padakwiriridwa mchombo wake, ndipo akapha nswala yodyera nsima n'kumangidwa. Apa m'pomwe padayambira chidani chomwe anthu ambiri okhala m'mphepete mwa malo otetezedwa ali nacho mpaka lero. Mu 1936 likulu lija la Sabi Bridge lidasinthidwa dzina n'kukhala Skukuza, ndipo ndi momwe likutchulidwira mpaka pano. Alendo ambiri amagona pamenepo osadziwa kumene dzinalo lidachokera.

Ntchito 1: Lembani m'kope mwanu magulu atatu a anthu amene adakhudzidwa ndi malamulo a Stevenson-Hamilton. Pa gulu lililonse fotokozani chimene lidataya ndi chimene lidapeza.

Munthu wophunzira kuchokera ku nyama

Poyamba Stevenson-Hamilton ankakhulupirira, monga ankachitira anzake panthawiyo, kuti nyama zolusa ndi zowononga. Alonda ake ankapha mikango, mimbulu, afisi, ng'ona ngakhalenso mbalame zogwira tinyama, ncholinga choti nswala, mbidzi ndi nyumbu zichulukane. Koma iye adali munthu wopenyetsetsa ndiponso wolemba zimene waona tsiku ndi tsiku. Pang'onopang'ono adazindikira kuti nyama zolusa zili ndi ntchito yake m'tchire, ndipo adayamba kuziikira kumbuyo pamene alimi oyandikana naye ankafuna kuti zithe zonse. Zimene adaona adazilemba m'mabuku, monga Animal Life in Africa la 1912 ndi South African Eden la 1937.

Pali phunziro pamenepa kwa inu aphunzitsi. Munthuyu sadaphunzire za nyama kuyunivesite. Adaphunzira poyang'ana, polemba, ndi pofunsa anthu odziwa tchire. Zipangizo zake zazikulu zidali maso, kope ndi pensulo, zomwe ngakhale sukulu yosauka ili nazo.

Nkhondo yopulumutsa nkhalango

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba mu 1914, iye adabwerera kuusilikali, kenaka adakagwira ntchito ya boma ku Sudan. Pobwerera mu 1920 adapeza zinthu zitafika poipa. Alimi a nkhosa ankafuna msipu wa m'nyengo yozizira, ena ankafuna malo olima, enanso ankafuna kufufuza miyala yamtengo wapatali. Onsewa ankafunsa funso limodzi: nkhalango imene sibweretsa ndalama, ndipo palibe amene amaloledwa kulowamo, phindu lake n'chiyani?

Yankho lidabwera pa sitima. Mu 1923 kampani ya njanji ya boma idayambitsa ulendo wa masiku asanu ndi anayi wozungulira ndi alendo, ndipo sitimayo inkadutsa m'nkhalangomo. Posakhalitsa zidaoneka kuti chimene alendo ankakonda kwambiri pa ulendo wonsewo chidali kuona nyama zamoyo, makamaka mikango ija inkaphedwa. Stevenson-Hamilton adaugwira mwayi umenewu. Adayamba kukopa andale, olemba nyuzi ndi anthu wamba kuti nyama yamoyo imene anthu angabwere kudzaiona chaka ndi chaka iposa nyama yakufa imene idyedwa tsiku limodzi.

Adapeza womuthandiza mwa nduna ya zamalo, Piet Grobler. Pa 31 Meyi 1926 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa Kruger National Park, pophatikiza dera la Sabi ndi la Singwitsi. Dzina la Kruger lidasankhidwa mwadala pofuna kuti Mabunu ayione nkhalangoyo ngati yawo n'kuichirikiza. Mu 1927 magalimoto atatu okha ndiwo adalowa ndi alendo. Pofika 1929 adali 850. Misewu idalambulidwa ndipo tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu tidamangidwa kuti alendo azigonamo. Koma dziwani kuti zonsezi zidakonzedwera azungu. Kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowamo makamaka ngati wantchito, ndipo zipata zidatseguka mofanana kwa onse pamene ulamuliro watsankho unkatha.

Stevenson-Hamilton adakwatira Hilda Cholmondeley mu 1930, ali ndi zaka zoposa 60. Adapuma pantchito mu 1946, ndipo adamwalira pa 10 Disembala 1957 ku White River ali ndi zaka 90. Phulusa la thupi lake lidamwazidwa pa kaphiri ka Shirimantanga, kufupi ndi Skukuza.

Zimene adasiya

Lero nkhalango ya Kruger ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 19,500, kuwirikiza kawiri South Luangwa ya ku Zambia, ndipo kutalika kwake kuchokera kummwera kufika kumpoto ndi makilomita pafupifupi 360. Njovu zija zidali zitasowa tsopano zilipo zikwizikwi. Zipembere zoyera zidabwezeretsedwa kuyambira mu 1961 kuchokera ku Natal, ngakhale kuti opha nyama mozemba azichepetsa kwambiri kuyambira cha m'ma 2008. Mitundu ya mbalame yoposa 500 idaonedwamo, kuphatikizapo nkhwazi, miimba, nang'omba ndi kadzidzi wamkulu wogwira nsomba amene okonda mbalame amakamufuna m'nkhalango za m'mbali mwa mtsinje wa Luvuvhu ku Pafuri. Mu 2002 maiko a South Africa, Mozambique ndi Zimbabwe adasainirana pangano lolumikiza Kruger ndi nkhalango za Limpopo ndi Gonarezhou, poti nyama sizidziwa malire a maiko.

Nanga mlandu wa anthu osamutsidwa uja? Akuluakulu adati mlandu suola. Mu 1969, iye atamwalira kale, boma latsankho lidasamutsa mokakamiza anthu a Makuleke ku Pafuri kuja pofuna kukulitsa nkhalango. Mu 1998 malowo adabwezedwa kwa eni ake. Iwo adavomera kuti akhalebe osungirako nyama, koma aziwayang'anira limodzi ndi boma ndi kulandira gawo la ndalama za alendo. Choncho mlendo amene akuona mbalame ku Pafuri lero ali pamalo a anthu a Makuleke. Njira imeneyi ikuyankha funso limene Stevenson-Hamilton sadaliyankhe: kodi nyama zingasungike popanda kuthamangitsa anthu?

Mukapita ndi ophunzira anu

Simukusowa kupita ku Kruger kuti phunziroli likhale lamoyo. Nkhalango yotetezedwa ya kufupi ndi kwanu, dambo, ngakhale mitengo ya kumanda, zonsezi ndi kalasi. Ngati mukupita kumalo a boma, lembani kalata kuofesi yoyang'anira malowo nthawi ikadalipo, mufunse za chilolezo, malipiro a ana asukulu ndi mlonda wokutsogolerani. Pemphaninso chilolezo kwa makolo.

Nyamukani m'mamawa, chifukwa mbalame zimalira ndi kudya kwambiri dzuwa lisanakwere. Ana avale zovala zosawala, ayende m'timagulu tating'ono, ndipo asachite phokoso. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumalo kumene kuli nyama zoopsa, aliyense akhale m'galimoto mpaka mlonda atalola kutsika. Musalole ana kudyetsa anyani, kutola mazira kapena kutenga legeni. Magalasi oonera patali ngati palibe, musadandaule. Mwana aliyense alembe kukula kwa mbalame, mtundu wa nthenga, maonekedwe a mlomo, kulira kwake ndi pamene yatera. Pobwerera akafunse akuluakulu dzina la mbalameyo m'chilankhulo chawo, ndipo kalasi ipange kabuku kake ka mbalame za m'deralo.

Ntchito 2: Uzani ophunzira akafunse gogo mmodzi za malo otetezedwa a kufupi ndi kwanu. Kodi kale kumeneko kunkakhala ndani? Anthu ankapezako chiyani? Nanga lero akupezako chiyani? Mayankho awo muwayerekeze ndi mbiri mwawerengayi.

Kuomba mkota

Stevenson-Hamilton adapeza chigwa chopanda nyama ndipo adachisiya chodzaza. Adaonetsa kuti anthu angalipire kuti aone nyama yamoyo, maganizo amene lero akudyetsa mabanja ambiri m'maiko athu. Komanso ntchito yake idasamutsa anthu pamalo a makolo awo, ndipo bala limenelo silidapole msanga. Mukamaphunzitsa mbiri imeneyi, nenani zonse ziwiri. Mwana amene wamva mbali imodzi yokha adzayamba kukayika zonse zimene mumamuuza za nkhalango. Koma amene wamva zonse angathe kudzakhala mlonda, mtsogoleri wa alendo kapena mfumu yodziwa kukambirana ndi boma kuti nyama zikhale, anthunso akhale.