Amedeo Avogadro, Wofesa Amene Sanaone Zokolola

Amedeo Avogadro anabadwa pa 9 Ogasiti 1776 mumzinda wa Turin, ku Italy. Atate ake anali woweruza milandu, ndipo iyenso anaphunzira malamulo a Eklezia, natsiriza maphunzirowo m'chaka cha 1796. Koma mtima wake unali pa masamu ndi pa zolengedwa za Mulungu. Tsono anasiya za milandu, nayamba kuphunzitsa ku Vercelli mu 1809.

Mu 1811 analemba mfundo imene dzina lake likumbukiridwa nayo. Mabotolo awiri ofanana kukula akadzazidwa ndi mipweya yosiyana, kutentha ndi kupanikizika kwake kuli chimodzimodzi, timamolekyu ta m'botolo lina tichuluka monga ta m'linzake. Potero munthu akayesa mipweyayo pa sikelo, adziwa kuti kamolekyu ka mpweya wina kalemera kangati kuposa ka unzake, ngakhale diso silingathe kutiona.

Akatswiri anzake sanasamale mfundoyi. Mu 1820 anakhala profesa ku Turin, koma atachitika mapokoso a ndale a 1821 boma linamchotsa pa udindowo, ndipo zinapita zaka zoposa 10 asanabwererepo. Anagwira ntchito mwakachetechete, osafuna kutchuka, kufikira anamwalira pa 9 Julaye 1856.

Patapita zaka 4, pa msonkhano wa ku Karlsruhe mu 1860, Stanislao Cannizzaro anaonetsa poyera kuti malemuyo ananena zoona. Mu 1909 Jean Perrin anapatsa dzina la Avogadro chiwerengero chachikulu chija chimene ana a sukulu asautsika nacho: 6 wotsatidwa ndi manambala ena 23. Mulu wa timamolekyu tochuluka chotero utchedwa mole. Monga wogula chimanga sawerenga njere koma ayesa thumba pa sikelo, momwemonso wophunzira chemistry: popeza mole imodzi ya madzi ilemera magalamu 18, iye agawa magalamu 36 ndi 18, napeza mamole 2. Mwini dzinalo sanachiwerenge chiwerengerocho. Iye anangotsegula njira.

Mphunzitsi wa katekisimu amene aphunzitsa zaka ndi zaka kumudzi, naona ngati mawu ake agwera pathanthwe, alimbe mtima pokumbukira munthu uyu. Choonadi chimene anafesa chinamera iye ali m'manda, ndipo ena ndiwo anakolola.