Mokgatle—Mfumu Imene Inalamulira Mtima Wake

ANTHU okhala ku Meriting, pafupi ndi Rustenburg ku South Africa, amaona migodi ya platinamu tsiku ndi tsiku. Mbali yaikulu ya mwala wamtengo wapatali umenewo imakumbidwa m'nthaka ya Abafokeng, amene likulu lawo ndilo Phokeng. Kodi fuko laling'ono limeneli linakhoza bwanji kusunga malo ake pamene mafuko ambiri anataya awo? Yankho lake lili m'moyo wa Mokgatle, amene analamulira kuyambira m'ma 1830 kufikira imfa yake mu 1891.

Anali ndi Zifukwa Zokwiyira

Mokgatle analoŵa ufumu panthaŵi yovuta. Nkhondo zinali zitabalalitsa anthu ake, ndipo deralo linali m'manja mwa Andebele a Mzilikazi. Pamene Mabunu anafika, iye anagwirizana nawo, ndipo mu 1837 Andebele anapitikitsidwa. Koma posapita nthaŵi Mabunuwo anagaŵana nthakayo kukhala mafamu awo nayamba kugwiritsa eni dziko ntchito yathangata. Abafokeng anasanduka alendo m'dziko la makolo awo.

Mmodzi wa anansi ake anali Paul Kruger, mwini famu ya Boekenhoutfontein, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa Transvaal. Mu 1870, Kruger anakwapula poyera Kgamanyane, mfumu ya Abakgatla, pankhani ya thangata. Kgamanyane anasamukira ku Mochudi, m'dziko limene lerolino ndilo Botswana, limodzi ndi anthu ake ambiri. Kodi Mokgatle akanachitanji? Kumenya nkhondo kukanaphetsa anyamata ake. Kusamuka kukanatanthauza kusiya manda a makolo.

Kugula Chimene Chinali Chawo Kale

Mokgatle anasankha njira ina, yofuna kudzichepetsa kwakukulu: kugulanso nthakayo. Pamene madayamondi anapezeka ku Kimberley, iye anatumiza magulu a anyamata kukagwira ntchito kumeneko, ndipo mbali ya malipiro awo inkasonkhanitsidwa kuti agulire mafamu. Popeza kuti malamulo a Transvaal sanalole munthu wakuda kulembetsa malo m'dzina lake, mafamuwo analembedwa m'dzina la Christoph Penzhorn, mmishonale wa Hermannsburg amene ankakhala ku Phokeng, kuti awasungire fukolo.

Njira imeneyi inali ndi mtengo wake. Mokgatle anapitiriza kukhala mwamtendere ndi amene anamlanda, ndipo anthu ake anakhetsa thukuta m'minda ya Mabunu ndi m'maenje a ku Kimberley. Iye anamwalira asanadziŵe chimene chinali pansi pa nthakayo, pakuti platinamu anadzapezeka m'ma 1920. Mu 1999, pambuyo pa milandu ya zaka zambiri, kampani ya Impala Platinum inavomera kuwonjezera ndalama zimene inkapereka kwa Abafokeng.

Phunziro kwa Ife

Onani kuti Mokgatle sanali munthu wouma mtima. Chikondi cha pa anthu ake ndi dziko lawo ndicho chinamsonyeza chimene anayenera kutetezera, pamene kulingalira kunamsonyeza njira yake. Popanda chikondi, akanangogonja. Popanda kulingalira, akanataya zonse.

Zimenezi zikutikumbutsa Abrahamu. Sara atamwalira, iye analira maliro. Ndiyeno ananyamuka nakambirana mwaulemu ndi Ahiti, ndipo analipira Efroni masekeli 400 a siliva kaamba ka phanga la Makipela, ngakhale kuti Mulungu anali atalonjeza dzikolo kwa mbewu yake. (Genesis 23:2-16) Misozi yake sinamlepheretse kuganiza, ndiponso kuganiza sikunaumitse misozi yake.

Bwanji nanga za ife? Mwamuna kapena mkazi wathu angatilankhule mawu olasa, wachibale angatilande munda wamasiye, kapena mbale mumpingo angalephere kubweza ngongole. Baibulo silimanena kuti kumva kupweteka ndiko tchimo, koma limachenjeza kuti mkwiyo usatichimwitse kapena kugona nafe. (Aefeso 4:26) Limatamandanso wolamulira mzimu wake koposa wogonjetsa mzinda. (Miyambo 16:32) Chotero tisanayankhe, ndi bwino kudzifunsa kuti kodi nchiyani chimene tikufunadi kupulumutsa, ndipo kodi mawu amene ali pakamwa pathu adzachipulumutsa? Ukwati, ubale, ndi unansi wathu ndi Mulungu nzamtengo wapatali koposa platinamu yense wa ku Rustenburg.